Pepala lija lapita, zikomo

Abale anga, dzulo masana ndapereka pepala lija la kafukufuku wa maphunziro anga. Latha! Ndikulemba izi maso akulemera ndi tulo, koma mtima ukukana kuti ndigone ndisanathokoze.

Mmene chaka chino chandipindira mukudziwa kale. Sindibwereza.

Ena munkandiseka kuti munthu kuchoka ku Zomba ulendo wa ku London, kukaphunzira za mzungu wojambula amene ngakhale azungu anzake sakumudziwa. Eya, James Smetham yemweyo. Mwana wa mbusa wa Methodist, wobadwa mu 1821 ku Pateley Bridge ku England, amene anaphunzitsa kujambula zaka 26 pa koleji ya aphunzitsi ku Westminster. Rossetti ndi Ruskin, akatswiri otchuka a zojambula a nthawi imeneyo, ankamutama, koma ogula zithunzi zake anali ochepa. Iye ankangojambulabe tizithunzi take tonga sitampa, m'timabokosi, kutsatira mavesi a m'Baibulo. Mu 1877 mutu unasokonekera, nayamba kukhulupirira kuti Mulungu wamutaya. Anakhala duu zaka 12, mawu osatuluka kwenikweni, mpaka kumwalira mu 1889.

Tangoganizani kuwerenga zoterezi mu January, kunja kutada kale 4 koloko, maliro a bambo ako utawaonera pa foni. Ndinasiya kulemba. Kupemphera ndinasiyanso, ndisaname.

Ndiye kunabwera Amayi aja a kutchalitchi. Dzina andiletsa kutchula. Lachinayi lililonse akaweruka ntchito ya usiku ankakwera mabasi awiri, nsima ndi usipa zili m'chikwama, n'kugogoda mpaka nditatsegula. Sanandilalikire ngakhale tsiku limodzi. Ankangoti, “Mwanangu, idya kaye, za Mulungu tikamba ukakhuta.”

Tsiku lina ndikuwafotokozera za Smetham, misozi ili chuchuchu, iwo akupukuta mbale anandifunsa, “Nanga mkazi wake anali kuti?” Ndinati Sarah sanamusiye, ndipo mwamunayo atamwalira ndi iyeyo amene anathandiza kusonkhanitsa makalata ake, nasindikizidwa mu 1891. Iwo amvekere, “Ndiye bwanji sukulemba za iyeyo?” Chaputala chachinayi chinabadwira pa sinki pamenepo. Ndi chomwecho chimene aphunzitsi anga anachikonda kuposa zonse, chochokera kwa mayi amene sanalowepo m'nyumba yoonetsera zithunzi.

Aphunzitsi anga, zikomo pondiwonjezera nthawi kawiri osandifunsa zambiri. Achimwene kumudzi, munasenza maliro nokha, ine ndili kutali, Mulungu akubwezereni. Anzanga a kwaya, zikomo chifukwa cha lendi ya March ija.

Amene munkati “tikuimbira mawa”, nambala ikadali yomwe ija.

Ambuye, inu mukudziwa kuti miyezi ina sindinkakulankhulani. Munanditumizirabe munthu wonyamula nsima.

Amayi, ndikudziwa muwerenga izi pa basi n'kundikalipira kuti ndachulutsa zokamba. Makontena anu atatu akadali kuno. Ndibwera nawo Lamulungu, otsuka.