Lachiwiri: Chifuwa cha Agogo a ku Joni ndi Ntchito ya Bram van Ginneken

Lero kwacha ndi chiperoni, ndipo pofika kuntchito ndapeza benchi la pakhomo pa chipinda cha X-ray litadzaza ndi anthu ofunda zitenje ndi ovala majuzi, ambiri mwa iwo akutsokomola. Nyengo yozizira ikafika mu Blantyre muno, ntchito yathu yojambula zifuwa imachuluka, ndipo mapepala amene odwala amabwera nawo kuchokera kwa madokotala amangofanana zolembedwamo: kutsokomola kopitirira milungu iwiri, kutuluka thukuta usiku ndi kuwonda.

Mmodzi mwa oyamba kulowa anali bambo ena achikulire ochokera ku Ndirande, amene anaperekezedwa ndi mwana wawo wamkazi. Ndinawapempha kuti avule malaya ndi korona ya m'khosi, chifukwa kachitsulo kalikonse kamaoneka pachithunzi ndipo kangasokoneze wowerenga. "Agogo, tsamiritsani chifuwa pabolodi apa, kwezani chibwano, ikani manja m'chiuno, ndipo mukankhire mapewa kutsogolo. Tsopano kokani mpweya wambiri, muugwire kufikira nditanena." Mapewa timawakankhira kutsogolo kuti mafupa ake akumsana achoke pamalo pamene pali mapapo, ndipo mpweya timaugwiritsa kuti mapapo afutukuke n'kuoneka akuda, pamene nthiti, mtima ndi malo odwala zimaoneka zoyera. Pasanathe mphindi imodzi, pulogalamu ya pakompyuta ya CAD4TB, imene imawerenga zithunzi za pachifuwa pofufuza zizindikiro za TB, inali itapaka utoto wofiira kumtunda kwa mapapo onse awiri, ndipo nambala imene inapereka, pamuyeso wake woyambira 0 kufika 100, inali yokwera kwambiri.

Akuvala malaya, ndinawafunsa ntchito zimene anagwirapo pamoyo wawo. "Mwana wanga, fumbi la m'migodi ya golide ku Joni ndinalimeza ndili mnyamata," anatero. Yankho limeneli linasintha kaonedwe kanga ka chithunzicho, chifukwa fumbi la miyala ya m'migodi limasiya zipsera kumtunda kwa mapapo, komwenso chifuwa chachikulu cha TB chimakonda kukhala, ndipo munthu amene mapapo ake anaonongeka ndi fumbili amagwidwanso TB mosavuta. Pulogalamuyo sinalakwe kuona kuti mapapowo sali bwino, koma chimene chinawaononga sinathe kunena. Ndinawatumiza ku labotale kuti akapereke makhololo oyezedwa ndi makina a GeneXpert, ofufuza tizilombo ta TB.

Nthawi ya nkhomaliro ndinaithera pokonza phunziro la ophunzira athu amene akuzolowera ntchito yojambula. Ndinasankha kuwafotokozera mbiri ya munthu amene kafukufuku wake anabala pulogalamu imene amaiona tsiku ndi tsiku, Pulofesa Bram van Ginneken wa ku Netherlands. Iye si dokotala wochiza anthu. Anaphunzira sayansi ya fizikisi, ndipo mu 2001 anamaliza digiri ya ukachenjede pa yunivesite ya Utrecht ndi kafukufuku wa momwe kompyuta ingathandizire kupeza matenda pazithunzi za X-ray za pachifuwa. Nthawi imeneyo zipatala zambiri zinkajambulabe pa filimu yotsukidwa m'chipinda cha mdima, choncho anayamba ntchitoyi zipangizo zake zisanafalikire. Mu 2010 anasamukira ku chipatala cha yunivesite ya Radboud mumzinda wa Nijmegen, kumene anayamba kutsogolera gulu lofufuza za kawerengedwe ka zithunzi za matenda.

Vuto loyamba limene analimbana nalo ndi lomwelo limene limazunguza wophunzira aliyense m'sabata yake yoyamba, kudziwa pamene papo layambira ndi pamene lathera. Chithunzi cha X-ray chimaunjika zonse pamodzi, kotero kuti nthiti zakutsogolo, nthiti zakumbuyo, mitsempha ya magazi ndi mafupa opingasa m'munsi mwa khosi zimapiringizana pamwamba pa mapapo, makamaka kumtunda kumene timafuna kuonetsetsa. Mu 2006, iye ndi anzake anatenga zithunzi 247 zochokera ku Japan, nalemba ndi manja malire a mapapo, mtima ndi mafupa a m'munsi mwa khosi aja pachithunzi chilichonse, kenako anazipereka poyera kuti wofufuza aliyense ayesere njira yake pa zithunzi zomwezo.

M'kuona kwanga, apa m'pamene pagona ulemu wake waukulu, kuposa ngakhale pulogalamu yomwe tikugwiritsa ntchito. Kale wofufuza aliyense ankayesa njira yake pa zithunzi zimene wasankha yekha, n'kulengeza kuti yapambana, ndipo panalibe wotha kumutsutsa. Van Ginneken anali mmodzi mwa amene analimbikitsa mipikisano yapoyera, imene magulu onse amapatsidwa zithunzi zofanana ndipo mayankho amachongedwa ndi muyeso umodzi, monga momwe ana a Fomu 4 m'dziko lonse amalembera pepala limodzi la MANEB. Mpikisano wa LUNA16, wa mu 2016, unapereka zithunzi 888 za CT, makina ojambula m'kati mwa thupi m'magawomagawo, kuti makompyuta apikisane kupeza timibulu ta m'mapapo timene tingakhale chiyambi cha khansa. Chaka chotsatira, gulu lake linatulutsa nkhani yotsogoleredwa ndi Geert Litjens yowunika kafukufuku woposa 300 wa makompyuta ophunzira okha kuchokera pazithunzi, ndipo nkhaniyi ndi imodzi mwa zimene ofufuza a nthambi imeneyi amazitchula kwambiri. Anthu a maphunziro amakonda kuwerengetsa kuti dzina la munthu latchulidwa kangati, koma ine ophunzira anga ndinafuna kuti agwire chizolowezi cholola kuti ntchito yawo iyesedwe ndi ena.

Chizolowezichi n'chofunika ngakhale pa iye mwini, popeza mu 2014 anali mmodzi mwa oyambitsa kampani ya Thirona, yopanga mapulogalamu owerenga zithunzi za matenda, ndipo CAD4TB ndi katundu wamalonda wogulitsidwa ndi kampani ya Delft Imaging. Pulogalamu yotere iyenera kuyesedwa kunja kwa nyumba imene inapangidwira. Ku Lusaka inayerekezedwa ndi kawerengedwe ka ma clinical officer m'kafukufuku amene anatuluka mu 2013. Kuno kwathu, Peter MacPherson ndi anzake a bungwe la Malawi-Liverpool-Wellcome anachita kafukufuku wa PROSPECT pa chipatala cha Bangwe, pakati pa akuluakulu 1,462 amene anabwera akutsokomola, ndipo zotsatira zake zinatuluka mu 2021 m'magazini ya PLOS Medicine. Mwa amene anapezeka ndi TB, amene anayezedwa HIV ndi kujambulidwa chithunzi chowerengedwa ndi kompyuta ankayamba mankhwala patangotha pafupifupi tsiku limodzi, pamene amene anatsata njira yanthawi zonse ankadikira masiku ngati 11. Amene akudziwa nyumba za ku Bangwe kapena ku Mbayani, momwe banja lonse limagona chipinda chimodzi mazenera atatsekedwa chifukwa cha kuzizira, amvetsa kuti masiku 10 amenewo ndi anthu angati opumira mpweya wa wodwala. M'chaka chomwecho bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linavomereza kuti mapulogalamu otere angalowe m'malo mwa munthu powerenga zithunzi zofufuzira TB kwa anthu a zaka 15 kupita m'tsogolo.

Masana, phunziro lisanayambe, a ku labotale anandiuza kuti makhololo a agogo aja sanaonetse tizilombo ta TB, ndipo adokotala anakonza zoti awaonenso ndi kuwayeza kachiwiri ngati chifuwacho chipitirira. Nkhaniyi ndinaigwiritsa ntchito m'kalasi osatchula dzina, ndipo mtsikana wina anakweza dzanja. "Aphunzitsi, kodi ndani amasankha nambala imene munthu akaipitirira timamutumiza kukapereka makhololo?" Funsoli linanditengera nthawi yaitali kuposa mbiri yonse ija. Ndinamufotokozera kuti WHO inasiyira dziko lililonse udindo wopeza malire oyenera anthu ake. Malirewo akatsika kwambiri, timatumiza anthu ochuluka ku labotale ndipo zipangizo za GeneXpert, zimene n'zodula, zimatha msanga; akakwera kwambiri, odwala enieni amabwerera kunyumba atauzidwa kuti ali bwino. Okalamba ndi amene anadwalapo TB amakonda kupeza nambala yokwera ngakhale alibe tizilombo, pamene munthu amene HIV yafooketsa kwambiri chitetezo chake angakhale ndi TB koma chithunzi chake n'kuoneka ngati chabwinobwino.

Amene anadwalapo kale ndi amene amandidetsa nkhawa kwambiri. Kafukufuku wa Jamilah Meghji ndi anzake, amene anachitikira mu Blantyre muno n'kutuluka mu 2020 m'magazini ya Thorax, anatsata anthu 405 amene ankamaliza mankhwala a TB, ndipo zithunzi za CT zinasonyeza kuti pafupifupi 44 mwa 100 alionse anatsala ndi njira za mpweya zotanuka ndi zoonongeka. Anthu amenewa adzabweranso akutsokomola, makina adzawapaka zofiira, ndipo tikapanda kusamala ena adzamwetsedwa mankhwala a miyezi isanu ndi umodzi pa matenda amene anachira kale.

Tisanaweruke tinagwirizana ndi ophunzirawo kuti tilembe pempho lopita kwa akuluakulu a chipatala ndi ku komiti yoona za chilolezo cha kafukufuku, kuti tiyambe kaundula wosatchula mayina, wolembamo nambala ya pulogalamu, zaka za munthu, ngati anamwapo mankhwala a TB kapena anagwirapo ntchito m'migodi, pamodzi ndi zotsatira za makhololo. Mtsikana wa funso uja wadzipereka kulemba pempholo, ndipo mawa m'mawa ndikakambirana ndi a ku labotale za momwe zotsatira zawo zingamafikire kwa ife tsiku lomwelo.