Lipoti la ulendo wa ku Palamós: kusefa mankhwala otsalira m'madzi a suweji

Gulu lathu la ogwira ntchito za madzi lidakaona malo ofufuzira omwe ali pamalo oyeretsera madzi a suweji ku Palamós, m'chigawo cha Catalonia ku Spain. Nkhani yake ndi mankhwala amene munthu akamwa, ena amatuluka ndi mkodzo n'kudutsa m'makina oyeretsera osawonongeka.

Pamalopo adamanga ngalande 6, iliyonse yotalika pafupifupi mamita 15, nadzazamo mchenga kuti zifanane ndi nthaka yosunga madzi pansi. Madzi otuluka m'makina amathiridwa kumutu kwa ngalande, n'kumalowa pang'onopang'ono. Ngalande ina ili ndi mchenga wokhawokha kuti izikhala poyerekezera. M'zinazo, pamene madzi amalowera adayalapo chosakaniza: mchenga pafupifupi theka, kompositi kapena tizibenthu ta mitengo theka linalo, ndi dongo pang'ono chabe.

Chilichonse chili ndi ntchito yake. Kompositi imagwira mankhwala omwe amakonda kumamatira ku zinthu zowolerana, komanso imadyetsa mabakiteriya. Mabakiteriyawo akachuluka amamaliza okosijeni, ndiye m'munsi mumabadwa ena opuma ndi nitrate (mchere wa nayitrojeni) kapena ayironi m'malo mwa okosijeni. Apa ndiye pagona nkhani. Ibuprofen amaphwanyika msanga pamene pali okosijeni, pomwe sulfamethoxazole amatha kuphwanyika ngakhale mpweyawo utatha. Madzi akadutsa m'zigawo zonse ziwiri, cha okosijeni ndi chopanda okosijeni, mankhwala ambiri amakumana ndi owaphwanya. Dongo nalo limagwira mankhwala ngati atenolol, wa BP. Sulfamethoxazole uja si mlendo kwathu, ali mu Bactrim amene zipatala zathu zimapereka tsiku ndi tsiku.

Wovuta ndi carbamazepine, wa khunyu. Mabakiteriya amamulephera, moti akatswiri amamugwiritsa ntchito ngati chizindikiro chakuti madzi a pachitsime asakanikirana ndi a suweji. Kwa mankhwala ouma mutu otere, makala a biochar, opangidwa potentha zotsalira za zomera pa mpweya wochepa, amathandiza, koma amangowagwira osawaphwanya, ndipo timabowo take tikadzaza ayenera kusinthidwa.

Zolakwika zimayambira pa kompositi yosapsa bwino. Imatulutsa amoniya ndi madzi abulauni, n'kudetsa madzi omwe mumafuna kuyeretsa. Ikachulukitsa, okosijeni amatheratu ndipo ayironi ndi manganizi zimasungunuka m'nthaka n'kulowa m'madzi. Dongo likapitirira muyeso madzi amangodikha pamwamba. Kutsekeka kwina kumabwera ndi ndere ndi matope, n'chifukwa chake malo olowera madziwo amafunika kuwapumitsa kuti aume, kenako kupala pamwamba pake.

Ine ndikuona kuti kwathu njirayi ingayikidwe kumapeto kwa maiwe a suweji, popeza mchenga, dongo ndi zinyalala za m'munda sizisowa. Chodula ndi kuyeza. Mankhwalawa amapezeka m'mananogalamu kapena mamaikulogalamu (tizigawo tochepetsetsa ta galamu) pa lita imodzi, ndipo amafuna makina a LC-MS, olekanitsa ndi kuyeza mankhwala ochepa kwambiri m'madzi, choncho oyesa njirayi ayambe apangana ndi labotale asanakumbe ngalande.