Usiku umene madzi anathyoka ku Johannesburg

Mawu a Chingerezi akuti break ndinakumana nawo koyamba ndili mu Sitandade 1 kwathu ku Ntcheu, ndipo ndinawakonda kuyambira tsiku lomwelo chifukwa ankatanthauza chinthu chimodzi chokha, chokoma. Nthawi ikakwana, mnyamata wa mu Sitandade 8 ankamenya chitsulo cha gudumu la galimoto chimene chinkalendewera mu mtengo wa mango, ife n'kutuluka ndi liwiro tikufuula kuti buleki, kulunjika kwa amayi ogulitsa zitumbuwa ndi chigumu kuseri kwa ofesi ya ahedi. Patapita zaka zingapo aphunzitsi anatilembera pa bolodi kuti break, broke, broken, n'kutiuza kuti tanthauzo lake ndi kuthyola kapena kuswa, ndipo ankatiloweza mawu atatuwo ali ndi kamtengo m'manja, kamene tsiku lina kanathyokeradi pamsana pa mnzanga amene anayankha kuti breaked. Mabuleki a njinga ya bambo anga ndinkayesa kuti ndi omwewo, popeza nawonso amapumitsa munthu paulendo, mpaka pamene ndinalakwa pa mayeso ndi kuuzidwa kuti amenewo ndi mawu ena, olembedwa brake. Pa mayeso a MSCE, pamene wolephera Chingerezi sapatsidwa satifiketi ngakhale atakhoza masamu ngati makina, ine phunziroli ndinakhoza bwino kwambiri, moti pokwera basi ya ku Joni mu 2016, kudzera ku Mwanza, Tete, Nyamapanda, Harare ndi Beitbridge mpaka kukatsikira pa Park Station, ndinali ndi nkhawa ya mapepala, ya akuba ndi ya kuzizira, koma ya chilankhulo ndinalibe ngakhale pang'ono.

Ndinapeza ntchito ya m'munda wa maluwa ndi yoyang'anira pakhomo kwa mayi wina wamasiye wachizungu, wa zaka za m'ma 70, amene anandipatsa kanyumba ka kuseri kuti ndizigonamo. Pakhomo pamenepo m'pamene ndinazindikira kuti aphunzitsi aja anatipatsa mchira wokha, nyama yonse n'kuisiya kutchire. Ife m'Chichewa chinthu chikamawonongeka timachilemekeza pochipatsa mawu akeake. Ndodo ndi mwendo zimathyoka, mbiya ndi dzira zimasweka, khoma limagumuka, chingwe chimaduka, kapu imabenthuka pakamwa, mkate timanyema, galimoto imafa pamsewu, ukwati umatha, ndipo kunja kumacha, n'chifukwa chake ndalama yathu, imene inalowa m'malo mwa paundi mu 1971, imatchedwa kwacha. Mngerezi zonsezi amazilonga m'thumba limodzi la break, n'kumangopachikapo timawu ting'onoting'ono monga in, out, up, down ndi off, kenako n'kumayembekezera kuti mlendo adziwa yekha chimene chili m'thumbamo.

Ndinagula kakope n'kuyamba kulembamo tanthauzo lililonse latsopano limene ndamva, ndi nambala yake. Ena sankavuta. Akuba atalowa m'nyumba ya anzathu oyandikana nawo, adona anati kwachitika break-in, ndipo ndinakondwa mumtima, osati ndi kubako ayi, koma chifukwa nafenso timati kuthyola nyumba. Koma sabata yomweyo anandipatsa nsapato zatsopano za ntchito n'kundiuza kuti ndizichite break in, kutanthauza kuti ndizivale mpaka zifewe, ndipo ndinalemba zimenezo pa nambala yotsatira ndikupukusa mutu. Tsiku lina anandionetsa ndalama ya R200, ija ya nyalugwe kumbuyo ndi nkhope ya Nelson Mandela kutsogolo, n'kundifunsa ngati ndingathe kuichita break. Ndinaigwira ndi manja awiri ndikudzifunsa kuti mkulu ameneyu walakwanji, mpaka iwo atafotokoza kuti akungofuna tchenji. Ngakhale breakfast, mawu amene ndinawadziwa kuyambira ubwana, ndinadzamva kuti ndi break ndi fast, kumasula kusala kwa usiku wonse.

Chimene chinandisowetsa tulo chinachitika mdzukulu wawo, mnyamata wa zaka 12, atabwera kudzatsanzika popita kukachita sewero la kusukulu. Agogo akewo anamupsompsona pamphumi, n'kumuuza akumwetulira kuti break a leg. Ine ndinali pafupi ndikuthirira maluwa, ndipo payipi inandipulumuka m'manja. Kwathu gogo atanena mawu otere, mwana n'kukapunthwa ngakhale pa chitsa chokha, nkhaniyo siingagone isanafike kwa amfumu, ndipo gogoyo sangaitanidwenso pa chinkhoswe chilichonse m'mudzimo. Madzulo ake ndinalimba mtima n'kufunsa, ndipo adona anaseka n'kundiuza kuti anthu a zisudzo amakhulupirira kuti kufunira munthu mafuno abwino poyera kumaitana tsoka, choncho amanena choipa kuti chabwino chichitike. Ndinalemba pa nambala 17, ndipo pambali pake ndinalembapo kuti nawonso ali nazo zawo.

Pofika mu Julaye 2018 kakope kanali pa nambala 22, ndipo ndinkadziona ngati katswiri. Mwezi umenewo ku Johannesburg kumazizira moti m'mawa kapinga amayera ndi chisanu, ndipo ndi nyengo imene magiza amaphulika kawirikawiri. Giza ndi thanki yamagetsi yotenthetsa madzi, imene m'nyumba zambiri kumeneko amaiika m'denga, ndipo ikaphulika madzi amatsika kudzera m'siling'i n'kuwononga chilichonse chimene chili pansi. Adona anali atandiphunzitsa kangapo zochita zikatero: kutseka madzi pa mita ya kumsewu, kuzimitsa magetsi a giza pa bolodi la m'galaja, ndi kuitana pulambala. Pa nthawiyo m'nyumbamo munalinso mwana wawo wamkazi, amene anali woyembekezera, masiku atatsala pang'ono, ndipo anabwera kudzadikirira kwa mayi ake chifukwa amuna ake anali ku ntchito ku Cape Town.

Loweruka lina, cha m'ma 11 koloko usiku, ndinadzidzimuka ndi mawu a adona akufuula pa zenera kuti: “Her waters have broken! Get help!” Ndinamva water, ndinamva broken, ndipo zinandikwanira. Mawu akuti her ndinawamasulira kuti vuto lili ku bafa ya mwana wawoyo. Chimene chimandichititsa manyazi mpaka lero n'chakuti ndikuvala nsapato ndinapeza mpata wodzudzula adona mumtima, popeza aphunzitsi aja anatiuza motsindika kuti water salandira s kumapeto, ndipo ndinati mantha ndi oopsadi, amaphonyetsa Chingerezi ngakhale mwini wake.

Ndinathamangira kumsewu, ndinavundukula chivundikiro cha mita n'kutseka madzi a nyumba yonse. Ndinalowa m'galaja, ndipo chifukwa cha phuma ndi kunjenjemera kwa zala, m'malo motsitsa ka switchi ka giza ndinatsitsa chachikulu, nyumba yonse n'kuti bii. Pambuyo pake ndinadzamva kuti timaswitchi timeneti dzina lake ndi circuit breaker, koma usiku umenewo ndinalibe nthawi ya kakope. Ndinaganiza kuti mdima ndi wabwino kusiyana ndi kugwidwa shoko m'madzi, ndipo ndinaimbira mnzanga wina wa ku Dedza, pulambala amene ankakhala chapafupi ndipo anali ndi kagalimoto kapikapu.

Kenako ndinapita pansi pa zenera kukapereka lipoti. Adona anafunsa ngati ndaitana thandizo, ndipo ndinayankha kuti ndaitana, lifika pasanathe mphindi khumi. Anafunsa ngati akubwera ndi zonse zofunika. Ndinawatsimikizira kuti zipangizo zonse zili m'galimoto, kuti munthu wake ntchito imeneyi waigwira kambirimbiri, kuti satchaja modula, ndiponso kuti mwezi wathawo anathandiza a nyumba yachitatu kuchokera pathu. Panali kachetechete pang'ono, chifukwa m'nyumba yachitatuyo munkakhala nkhalamba yaimuna yokhayokha, koma adona analibe mpata wofunsa zambiri, ndipo chifukwa cha chitsimikizo changacho palibe amene anaganizanso zoimba pa 10177, nambala ya ambulansi. M'chipindamo ndinkamva mwana wawo akubuula, ndipo ndinati mumtima anthu awa makapeti awo amawakondadi. Ndinakweza mawu n'kumutonthoza kuti asadandaule, mawa ndikolopa ndekha ndipo zonse ndiziyanika padzuwa. Yankho limene linatuluka pa zeneralo silinali mu kakope kanga, ndipo sindingalilembe pano.

Mnzanga uja atafika tinalowera khomo la kuchipinda chochapira, kumene kunali kachitseko kokwerera kudenga. Pofuna kuonetsa khama, ndinalanda tochi n'kukwera patsogolo. Giza tinaipeza ili phee, youma ngati fupa la m'chilimwe, popanda ngakhale dontho limodzi. “Achimwene, kodi madzi mukunenawo mwawaona ndi maso anu?” anafunsa mnzangayo. Ndinamuuza kuti mwini nyumba sanganame, ndipo ndinayamba kulondola payipi yopita ku bafa, ndikuponda pa mitengo ya denga monga mmene amachitira odziwa. Mitengo isanu ndinaiponda bwino. Wachisanu ndi chimodzi sunali mtengo, unali mthunzi wa mtengo.

Mwendo wamanja unatsogola, thupi lonse n'kutsatira pamodzi ndi zidutswa za siling'i ndi fumbi la zaka makumi angapo, ndipo ndinafikira m'kakhonde ka m'kati, pakhomo penipeni pa chipinda. Tochi inagubuduzika n'kukaima itawalitsa m'chipindamo. Ndinaona mwana wa adona atagwada pambali pa bedi atagwira mimba, adona atanyamula matawulo, ndipo pamwamba panga, pa chibowo chimene ndinaboola, panatulukira nkhope ya mnzanga ali ndi sipanala yaikulu m'manja. Adona anayang'ana sipanalayo, n'kuyang'ana ine, ndipo ndikhulupirira kuti apo m'pamene anamvetsa za zipangizo zija ndi za nkhalamba ya nyumba yachitatu. Mnzangayo, bambo wa ana asanu, anangoyang'ana kamodzi n'kunena mofatsa kuti: “Achimwene, apa sipofunika sipanala ayi. Mayiwa matenda ayamba.”

Tinanyamuka pa kapikapu komweko, amayi awiri kutsogolo ndi woyendetsa, ine kumbuyo pakati pa mapayipi ndi makwerero, mphepo ya Julaye ikundibaya m'makutu, mwendo ukutupa ngati mtanda wa mandasi. Kuchipatala amayi anawatengera mbali ina, ine mbali ina. Dokotala ataunika chithunzi cha mwendo anandiuza kuti lathyoka ndi fupa laling'ono la kunja, pafupi ndi kakolo, kuti ndikhala m'chikhakha masabata asanu ndi limodzi, ndipo anawonjezera kuti ndili ndi mwayi chifukwa ndi clean break. Ndinayang'ana mwendo wangawo, wotuwa ndi fumbi, ndi ndowe za makoswe zitakanirira m'sokosi, ndipo ndinaona kuti ukhondo umene akunenawo si umene ndimaudziwa ine. Namwino ndiye anandimasulira kuti fupalo lathyoka malo amodzi mosanyenyeka. Kukucha, mwana wa adona anachira bwinobwino, ndipo kunabadwa mwana wamkazi.

Lamulungu masana ndinaimbira mayi a kunyumba ku Ntcheu kuti ndiwadandaulire za chilankhulo chopanda chifundo, chimene chimathyola madzi. Ndinkayembekezera kupepesedwa, koma anaseka mpaka foni anaipatsira mlamu wanga kuti nayenso amve. Atapezanso mpweya anati: “Abambo, musanamizire Azungu. Kodi inu simudziwa kuti nafenso timati nsupa yasweka?” Sindinkadziwa. Ana anga awiri anabadwa ine ndili chikhalire pansi pa mtengo kutali ndi chikuta, monga mwa mwambo, ndikudikira kuti amayi aakulu adzandiuze kuti kwabwera mlendo, ndipo panalibe amene anaona chifukwa chondiuza zimene zinasweka mlendoyo asanafike. Mkazi wanga ananenetsa kuti adona akanafuula m'Chichewa, ine ndikanathamangira kukhitchini ndi tsache kukasesa zidutswa za nsupa, ndipo sindinapeze poyambira kumutsutsa.

Adona atabwerera kunyumba anapeza mipope youma ndi magetsi ozima, ndipo anakhala theka la tsiku akukalipira a khonsolo pa foni, mpaka mnzanga uja anapita kukatsegula mita ndi kukweza switchi, n'kulipiritsa maulendo awiri. Lachiwiri adona anabwera kudzandiona ku kanyumba kanga ali ndi mdzukulu wawo uja, amene anapempha cholembera n'kulemba pa chikhakha changa, ndi zilembo zazikulu, mawu omwe aja agogo ake anamuuza popita ku sewero. Ine nkhawa yanga inali pa siling'i, choncho ndinafunsa mwaulemu ngati mtengo wokonzera audula ku malipiro anga. Adona anatseka maso, anapumira m'mwamba, n'kunena kuti: “Oh, give me a break.” Ndinasolola kakope pansi pa pilo, ndinalemba nambala 26, n'kufunsa ngati mawu amenewo akutanthauza inde kapena ayi. Anatuluka osayankha, ndipo ndinawamva akuseka mpaka kukafika pa khomo la kukhitchini. Kumapeto kwa mwezi malipiro anabwera athunthu, koma pa nambala 26 mpaka lero palibe chimene ndinalembapo.