Tsiku limene ndinasamutsira Lilongwe yonse ku Likoma

Ku ofesi kwathu ku Area 47 dzina langa linaiwalika. Onse amanditchula kuti DC wa Boma, ndipo udindo umenewu ndinaupeza usiku umodzi wokha, chifukwa cha R, pulogalamu ya pa kompyuta yowerengetsera deta.

Lachinayi madzulo bwana anandipatsa ntchito yowerengetsa maneti a udzudzu ofunika m'boma lililonse, potengera kalembera wa 2018. Maboma alipo 28. Ine ndinati sindingalembe chinthu chimodzimodzi ka 28 ngati mwana wa sitandade 3 amene wapatsidwa chibalo. Ndinaduladula deta ndi split(), maina a maboma n'kukatenga mu fayilo ina ya Excel, kenako ndinalemba lupu, lamulo lobwereza ntchito imodzi kambirimbiri, yoti pa ulendo uliwonse assign() azipanga variable yatsopano, kutanthauza kabokosi kosungiramo deta, n'kuipatsa dzina la boma.

Mavuto anayamba nditafuna kutcha maina zigawo za m'kati mwa variable iliyonse, china "anthu", china "maneti". Ndinalemba names(get(maina[i])) n'kuikapo mainawo. R anandiyankha ndi zilembo zofiira kuti could not find function "get<-". Ndinayesa kanayi, ngati kuti atopa n'kuvomera. Zoona zake n'zakuti get() amangokubweretsera chinthu kuti uchione, alibe njira yobwezera zimene wasintha. Ndinali kumeta chithunzi n'kumadikira kuti mwini wake atuluke ndi mpala. Cha m'ma 11 koloko ndinazindikira zoti uyenera kuchitenga, kuchiika pambali, kuchitcha maina, kenako n'kuchibwezera ndi assign. Zofiira zinatha. Ndinadya chiwaya chozizira n'kukagona monyada, osayang'ana n'komwe tebulo limene latuluka.

Mawa lake chipinda chinadzaza, alendo ochokera ku City Centre ali ndi mabotolo awo a madzi. Ndinayatsa projekita. Munthu woyamba kutsokomola anali mkulu wina wa ku akaunti, kwawo ndi ku Likoma.

"Achimwene, tabwezani pang'ono. Mwati kwathu kuli anthu opitirira 2 miliyoni?"

Ndinati manambala sanama, akulu.

"Ife kumeneko sitikwana 15,000, ndipo timadziwana ndi agogo omwe. Enawa akugona kuti? M'tchalitchi cha St Peter's? Nanga manetiwo Ilala idzayenda maulendo angati?"

Anthu anaseka mpaka mlendo wina anatsamwa ndi madzi. Bwana sanaseke. Anatsitsa magalasi n'kufunsa mofatsa, kufatsa koopsa kuja, kuti, "Nanga Zomba ili kuti?"

Zomba panalibe. Anailanda likulu mu 1975, ine ndinabwera kudzailanda ndi dzina lomwe. Anthu ake onse anali atakhala ku Thyolo. Balaka inali itameza Blantyre. Ndipo pamwamba penipeni pa tebulo panali boma latsopano lotchedwa Boma, lodzaza ndi anthu a ku Balaka.

Anandipulumutsa ndi mtsikana wa pa intenishipu, amene ndinkamutuma fotokope. Anasuzumira pa laputopu yanga n'kunong'ona kuti, "Ankolo, mzere woyamba wa Excel yanu ndi mutu, walembedwa kuti Boma. Mwauwerenga ngati dzina." Ndiye kuti maina anali 29, deta ili 28, zonse zotsatana mwa afabeti. Dzina lililonse linatsetsereka ndi sitepe imodzi n'kutenga katundu wa mnzake wotsatira, ndipo mwa tsoka langa pambuyo pa Likoma pamabwera Lilongwe. R sanadandaule chifukwa lupu inayenda ka 28 monga ndinaiuzira.

Kenako mtsikana uja anandimaliza. Analemba names(deta), ndipo maboma onse 28 anatuluka, aliyense pamalo pake. Kani split() amatcha yekha maina zidutswa zimene wadula, n'kuzisunga mu list imodzi. Fayilo ya Excel ija, assign, get, tulo tanga, zonse zinali zosafunika. Ndi lapply(), imene imachita ntchito imodzi pa chidutswa chilichonse cha list, anakonza tebulo lonse bwana asanamalize kupepesa alendo.

Pano fotokope ndimakapanga ndekha. Mkulu wa ku akaunti uja m'mawa uliwonse amaima pakhomo panga, kuvula chipewa, n'kunena kuti, "Bwana DC, anthu anu aja afika pa doko, akuti nsima adyera kuti?"