Nthochi pakhomo panga ku England, ndi tsiku lomwe khonsolo inandidyera

Nthochi zimamera ku England, abale. Zanga kuno kumpoto kwa dzikoli zapitirira kale chitseko. Koma kuti zifike pamenepa, amene ananditopetsa si khasu ayi, ndi khonsolo.

Pakhomo ponse panali masilabu a simenti. Kuwazula sikunavute, vuto linali kotaya. Achimwene ena a kutchalitchi anabwera ndi vani yawo Loweruka m'mawa, tinapakira mpaka manja kuchita matuza, n'kukaima pamzere kumtaya wa khonsolo. Titafika pageti, bambo wa jekete yachikasu anangoyang'ana vaniyo n'kupukusa mutu. Akuti vani imafuna chilolezo chakechake chopempheratu pa intaneti, ndipo zigumukire za simenti amalandira timatumba tochepa pa ulendo umodzi. Nanga bwanji osazilemba poonekera pamene munthu akusungitsa malo? Ndinachonderera, ndinawakumbutsa kuti msonkho wa khonsolo ndimalipira mwezi ndi mwezi, koma ayi ndithu. Tinabwerera nawo katunduyo, kukatsitsanso pomwe tinamunyamula. Achimwene aja anali atasiya shifiti chifukwa cha ine, ndipo zimenezo ndi zomwe zimandiwawa mpaka lero. Mapeto ake ndinachita hayala skip, chibini chachikulu chachitsulo chotayamo zinyalala, ndipo poti inakhala pamsewu, nayonso inafuna chilolezo cholipira ku khonsolo yomweyo!

Tsono musanakumbe, imbani foni kumtaya mufunse za vani. Ngati nyumba ndi ya lendi, yambani mwauza landilodi.

Dothi la kuno kwathu ndi makande, madzi amangokhala chilili nyengo yonse yozizira. Chimapha mbewu zambiri ndi chinyontho chimenechi, mizu imaola chisanu chisanaigwire n'komwe. Ndinakweza bedi, n'kusakaniza manyowa ambiri ndi timiyala.

Nthochi yake ndi Musa basjoo. Zipatso zake sizidyedwa, timaidzalira masamba basi. Musavutike kubisa mphukira ya kabuthu kapena sukari m'sutukesi pochokera kumudzi: mbewu sizilowa kuno popanda satifiketi yotsimikiza kuti zilibe matenda, komanso sizingapirire usiku umodzi wa chisanu. Pambali pake ndinaika Trachycarpus fortunei, kanjedza wa masamba ngati a mgwalangwa, yemwe amapirira ngakhale kuzizire mpaka madigiri -10. Pamthunzi pafupi ndi khoma pali chitsamba chotchedwa Fatsia japonica, sichiyoyola masamba chaka chonse. Maluwa a Canna ndi koko n'zodzadzira mipata.

Koma musadzale Meyi asanathe. M'masitolo amayamba kugulitsa molawirira, dzuwa la Epulo limanyenga, kenaka chisanu chimabwera usiku umodzi masamba onse n'kuda bii.

Ndaiwala za malamulo. Kuchotsa simenti sikufuna chilolezo, koma kuyambira 2008, kuthira simenti yosalowetsa madzi kutsogolo kwa nyumba pamalo opitirira masikweya mita 5 kumafuna chilolezo ngati madziwo akuthamangira kumsewu. Mpanda wa m'mbali mwa msewu nawo usapitirire mita imodzi popanda chilolezo. Ine ndinkafuna wautali wotchinga mphepo, poti mphepo imang'amba masamba a nthochi, ndiye ndinangodzala zitsamba m'malo mwake.

Novembala, chisanu choyamba chikawaula masamba a nthochi, ndimawadula, kuzinga thunthu ndi waya wa nkhuku, kuphatikamo mapesi a tirigu ouma, pamwamba n'kuvindikira kuti mvula isalowe. Osakulunga ndi pulasitiki, limaola. Thunthu likafa musazule, mizu imaphukiranso. Canna ndi koko ndimafukula n'kusunga m'galaja, ndipo sizitulukanso mpaka kumapeto kwa Meyi. Kumapeto, osati kumayambiriro.

Masamba odulawo ndi ambiri zedi, ndipo bini ya zinyalala za m'munda khonsolo yathu imalipiritsanso padera chaka chilichonse. Ndinakana. Ndinakhoma bokosi kuseri kwa nyumba, ndimawaoletsa momwemo akhale manyowa.