Mmene anandiyezera chiseyeye, dzino ndi dzino

Kwa miyezi ingapo ndinkasiya magazi pa chimanga chootcha ndiponso pa nzimbe iliyonse imene ndinkaluma, koma popeza palibe dzino limene linkandiwawa, ndinkangochukucha m'kamwa ndi madzi amchere n'kupita kukaphunzitsa. Amene anandikakamiza kupita koyezetsa ndi namwino wa kukiliniki ya matenda a shuga, amene anati shuga ndi chiseyeye zimakulitsana. Choncho Lachiwiri lina m'mamawa ndinakwera kabaza, n'kuwoloka mlatho wa pa Shire, ndipo ndinakakhala pa benchi ya odwala mano pachipatala china pa boma la Mangochi, kabuku kakuchipatala kali m'manja.

Adokotala anayamba ndi mafunso, osati ndi zitsulo. Anafunsa ngati ndimasuta fodya, kuti shuga anandipeza naye liti, ndiponso chimene chinachotsetsa mano anga awiri a kumbuyo. Nditayankha kuti anabowoka n'kuzulidwa, analemba zimenezo mosamala, chifukwa dzino lozulidwa kaamba kobowoka saliwerengera pa chiseyeye, pomwe dzino logwedera mpaka kuguluka limawerengedwa ndipo limasonyeza kuti matenda afika patali.

Kenaka anatulutsa kachitsulo kowonda, kosasongoka, kokhala ndi timizere ta mamilimita. Ataona kuti ndaumitsa thupi anati, "Aphunzitsi, ndipatseni chala chanu chachikulu." Anakankhira kachitsuloko pansi pa chikhadabo changa mpaka malowo anayera pang'ono, osapweteka, ndipo anati mphamvu yake ndi imeneyo basi, ya magalamu 20 kapena 25. Woyeza akakanikiza kwambiri amatulutsa magazi ngakhale m'nkhama zabwinobwino, ndipo n'chifukwa chake ochita kafukufuku asanapite kumidzi amayamba ayeza anthu omwewo mosinthana, mpaka manambala a woyeza uyu afanane ndi a mnzake.

Pakati pa dzino ndi nkhama pali kampata kakang'ono kamene aliyense ali nako. Kwa munthu wopanda vuto kampatako sikapitirira mamilimita 3. Adokotala ankalowetsa kachitsulo kaja m'malo 6 pa dzino lililonse, atatu chakutsaya ndi atatu chakulilime, n'kumatchula manambala, ndipo mtsikana wowathandiza ankalemba pa pepala lojambulidwa mano. Ine ndinangoti kukamwa yasa, maso ali kudenga, kumamvetsera: 2, 2, 3, kenaka 3, 4, 5, ndipo malo ena ankawonjezera kuti "magazi". Pa mano anga 26 anayeza malo 156, ndipo ntchitoyi inatenga nthawi yotalika moti nsagwada zinachita kulema.

Nditalavula m'kabeseni, ndinaganiza kuti magaziwo ndiwo yankho. Adokotala anati ayi, ndipo apa m'pamene ndinamvetsa kuti mawu amodzi amene timanena akuti chiseyeye, akatswiri a mano amawagawa pawiri. Loyamba ndi gingivitis, kutupa kwa nkhama kokhakokha, fupa lisanakhudzidwe. Malinga ndi zimene akatswiri a ku America ndi ku Ulaya anagwirizana pamsonkhano wa ku Chicago mu 2017, munthu amati ali ndi gingivitis ngati magazi atuluka m'malo 10 kapena kuposerapo pa malo 100 alionse oyezedwa. Kwa ine anatuluka m'malo 41, kutanthauza pafupifupi 26 pa 100. Vutoli limatha munthu akayamba kutsuka bwino. Mu 1965, Harald Löe ndi anzake ku Aarhus, m'dziko la Denmark, anapempha anthu a nkhama zabwino kuti aleke kutsuka mano, ndipo onse anatupa nkhama pakati pa masiku 10 ndi 21. Atayambiranso kutsuka, nkhama zinabwerera mwakale pasanathe nthawi yaitali. Kafukufuku ameneyo ndiye anatsimikizira kuti gwero la kutupako ndi litsiro lonanda la tizilombo limene limaunjikana m'munsi mwa dzino.

Lachiwiri ndi periodontitis, pamene minyewa ndi fupa zogwira dzino zayamba kudyeka, ndipo zimene zadyekazo sizimeranso zokha. Apa nambala yofunika si kuya kwa kampata kokha, chifukwa nkhama yotupa imatha kukwera n'kuonetsa kampata kakuya pomwe fupa lili bwino, ndipo nkhama yofwifwa n'kutsika imatha kuonetsa kampata kosaya pomwe muzu wa dzino uli poyera. Choncho amayeza kuchokera pamalire a chikamba cholimba cha dzino ndi muzu wake, malire amene sasuntha, kukafika pansi pa kampatako. Kudyeka kukapezeka m'mipata ya mano awiri kapena kuposerapo osagundizana, munthuyo amalembedwa kuti ali ndi periodontitis. Ine kudyeka kwakukulu kunali mamilimita 4, kampata kakuya kwambiri kanali 5, ndipo anandiika pa gawo lachiwiri mwa magawo anayi. Gawo loyamba ndi mamilimita 1 mpaka 2, lachiwiri 3 mpaka 4, ndipo kuyambira 5 munthu amakhala pa gawo lachitatu kapena lachinayi.

Panatsala chilembo, A, B kapena C, chosonyeza liwiro la matendawo. Wosuta ndudu 10 kapena kuposerapo patsiku amapita ku C, chilembo cha liwiro lalikulu, chimodzimodzinso wodwala shuga amene HbA1c yake, muyezo woonetsa kuchuluka kwa shuga m'magazi pa miyezi ingapo yapitayo, yafika 7 pa 100. Adokotala anatsegula kabuku kanga, napeza kuti yanga inali pansi pa 7, ndipo analemba B. Chifukwa chimene liwiro amaliyezera palokha chinaoneka bwino pa anthu othyola tiyi ku Sri Lanka, amene Löe yemweyo anawatsatira kwa zaka 15 pamene analibe chithandizo cha mano: pafupifupi 8 pa 100 alionse anadyeka fupa mofulumira, 81 pang'onopang'ono, ndipo 11 matendawo sanapitirire kutupa kwa nkhama. Litsiro linali kwa onse, koma matupi awo analilandira mosiyana.

Ndinafunsa ngati anthu onse m'makafukufuku amayezedwa chonchi, poganizira nthawi imene ine ndekha ndinawadyera. Anaseka, nati njira ya bungwe la World Health Organization imene inayamba mu 1982 inkagawa m'kamwa m'zigawo 6 n'kuyeza mano 10 okha osankhidwa, pogwiritsa ntchito kachitsulo kokhala ndi kampira ka theka la milimita kunsonga ndi kachigamba kakuda pakati pa mamilimita 3.5 ndi 5.5. Njirayi ndi yachangu pamudzi, koma imaphonya matenda amene abisala pa mano osayezedwa, ndipo mu 2013 bungwelo linasintha kuti mano onse aziyezedwa. Ine monga mphunzitsi wa masamu, izi zinandichenjeza kuti ndikamva chiwerengero cha odwala chiseyeye ndizifunsa kaye kuti anayeza mano angati ndiponso malire anawaika pa mamilimita angati, popeza mudzi umodzimodzi ungatulutse manambala awiri osiyana kwambiri. Bungwe lomwelo linati mu 2022 pafupifupi anthu akuluakulu 19 pa 100 alionse padziko lonse ali ndi chiseyeye chachikulu, ndipo mawu akuti chachikulu pamenepo ali ndi malire ake a mamilimita.

Sabata yotsatira ndinabwereranso kukapalidwa litsiro lolimba ngati mwala limene linamatirira kuseri kwa mano a kutsogolo a m'munsi, limene mswachi sungalichotse. Pamenepo m'pamene panawawa ndithu, ndipo kwa masiku angapo madzi a m'mtsuko ankandichititsa dzanzi m'mano. Anandionetsa kapendekedwe ka mswachi kuti uzikhudza m'mphepete mwa nkhama, nati, "Bambo, mukaona magazi musaleke kutsuka pamalopo." Pepala la manambala lija analipinda n'kulimata kumapeto kwa kabuku kanga, ndipo pamwamba pake analemba tsiku lodzayezanso malo 156 omwewo pakatha miyezi itatu.