Mbiri ya Moyo Wanga, Gawo 9: Nyemba za pa Hotipuleti

M'gawo lapitalo ndinakusiyani ndili pa depoti ya Zomba ndi zikwama ziwiri, chikalata chondilola kugwira ntchito m'Malawi chili m'thumba la jekete. Lero tikambe za nyumba.

Paja ine kwathu ndi ku Katete m'dziko la Zambia, kufupi ndi Mkaika kumene Achewa a m'maiko atatu amasonkhana chaka ndi chaka pa mwambo wa Kulamba kwa Kalonga Gawa Undi. Choncho podutsa pa chipata cha Mwami kulowa Mchinji mu 2021, sindinkadziyesa mlendo ayi. Chilankhulo n'chomwechi, nsima ndi yomweyi. Anandigwira ndi mnyamata wina wa ejenti amene ankandizunguza m'makwalala kundionetsa nyumba. Titalowa m'nyumba yoyamba ku Chinamwali ndinafunsa kuti, "Muno muli malaiti?" Iye anaseka mpaka kugwira khoma. "Achimwene, ndinu a ku Zambia eti? Kuno timati magetsi." Mpaka lero ndimakhulupirira kuti lendi ya nyumba iliyonse imene ndinaona tsiku limenelo inakwera pa mphindi imeneyo.

Ku Chikanda ndinangosuzumirako. Kumeneko n'kwa ana a ku yunivesite ya Chanco, nyumba ikangopezeka imadzaza mabedi dzuwa lisanalowe. Ndinakapeza malo ku Matawale, m'mpanda wa mayi wina wamasiye amene anapuma ntchito ya uphunzitsi. Nyumba yaikulu ankakhalamo okha ndi zidzukulu ziwiri, kuseli kunali tinyumba tiwiri ta lendi. Atatchula K80,000 pa mwezi, miyezi itatu kulipiratu, mtima unagunda. Kwathu tinadula maziro atatu pa kwacha mu 2013, ndiye khutu langa linali litaiwala kumva masauzande ochuluka chotero. Nditawerengera bwino ndinaona kuti sizinali zoopsa.

Pasipoti anangoiyang'ana pamwamba n'kundibwezera. Chimene anafuna kudziwa ndi mfunda wanga. Nditati ndine Phiri, anawomba m'manja. "Malemu bambo a kuno analinso a Phiri. Ndiye ndiwe mwana wanga, lowa." Kapepala ka mgwirizano tinalemba ndi bolopeni pa tsamba la kope la sukulu.

Za madzi sizinavute. Mpopi unali umodzi pabwalo, madzi ake ochokera ku damu la Mulunguzi pamwamba pa phiri, ozizira moti mu Juni umasamba ukulankhula wekha. Bilu ikabwera tinkagawana powerenga mitu. Mayi anga atabwera kudzacheza kwa milungu iwiri, nawonso anawerengedwa mutu wathunthu mwezi umenewo, ndipo sindinatsutse.

Nkhani inali pa magetsi. Nyumba zitatu, mita imodzi, ndipo mitayo inali m'kakhonde ka m'nyumba yaikulu. Mwezi ukayamba tinkasonkha ndalama mofanana, mayi n'kugula mayunitsi a ESCOM pa foni, kenako mdzukulu wawo n'kumawawerengera manambala 20 aja iwo akudina pang'onopang'ono, magalasi ali pamphuno. Ndisanabwere, akuti mayunitsi ankafika kumapeto kwa mwezi. Mwezi wanga woyamba mita inayamba kulira pa 19. Wachiwiri, pa 17.

Palibe anandiuza kanthu. Ndinangoona kuti mkazi wa mnzanga wa nyumba inayo, amene poyamba ankandipatsa moni wa "mwadzuka bwanji alamu", wayamba kumangogwedeza mutu. Tsiku lina ndikuchapa kuseli ndinamva akuuza mnzake pa mpopi kuti, "Chibwerereni a Zambia aja, mita ikungodya ngati ili ndi njoka m'mimba." Zinandipweteka. Mlendo ndi amene amayamba kuganiziridwa mbuzi ikasowa, ndinadziuza choncho, ndipo ndinagona ndi mkwiyo. Komanso ndinali ndi wanga womuganizira. Mayi yemweyo anali ndi firiji yaikulu imene ankaumitsiramo mafirizesi okagulitsa kwa ana a sukulu, ndipo inkangolira usana ndi usiku. Ine ndinali ndi chiyani? Mababu atatu, laputopu, ketulo ndi kahotipuleti ka maso awiri. Ndinakonzeka kuti tsiku la mlandu ndidzalankhula mpaka adzadziwe kuti ku Katete kumabadwanso anthu.

Tsikulo linafika Loweruka lina m'mawa. Mayi eni nyumba anatiitana tonse, koma sanatikhazike pa mkeka kuti tikangane. Uphunzitsi sutha m'magazi. Anati aliyense akazimitse chilichonse m'nyumba mwake, ngakhale chaja ya foni. Kenako anatiimika kutsogolo kwa mita n'kutilozera kanyali kofiira kamene kamaphethira magetsi akamagwira ntchito. Kanali zii. "Amake mwana, kayatseni firiji yanu." Kanyali kanayamba kuphethira mwaulesi, kuphethira, kudikira, kuphethiranso. Ine mumtima ndinati tiyeni nazo. "Mwana wanga, kayatse zako, monga umachitira tsiku lililonse."

Ndinapita, ndinayatsa mababu, ndinalumikiza laputopu, n'kubwezera pa hotipuleti poto wa nyemba amene ndinali nditamutereka m'mawa. Pobwerera ndinapeza onse ali chete, maso pa mita. Kanyali kaja kankaphethira ngati kakuthamangitsidwa ndi galu.

"Waterekapo chiyani?"

"Nyemba, mayi."

"Zouma?"

"Eya, kholophethe. Ndinagula ku msika waukulu."

"Umaphika kangati pa sabata?"

Ndinayankha motsitsa mawu kuti katatu, nthawi zina kanayi. Munthu wosakwatira, nyemba ndiye ndiwo zosavuta, umangotereka n'kumachita zina. Mwamuna wa mayi wa mafirizesi anatembenukira kukhoma, mapewa akugwedezeka.

Mayi anatenga kope lija n'kundiwerengera ngati mwana wa Sitandade 6. Yunitsi imodzi ndi mawati 1,000 oyaka kwa ola limodzi. Diso lalikulu la hotipuleti yanga linalembedwa 1,500 kunsi kwake. Nyemba zouma zosaviika zimafuna maola atatu, ndiye kuti poto mmodzi ankadya mayunitsi anayi ndi theka. Babu langa la mawati 9 likanayaka maola 500 kuti lifike pamenepo. Firiji imene ndinkaida ija imayaka n'kumapumira, siikoka mphamvu nthawi zonse. Mawu onse amene ndinawakonza usiku uja ndinawameza.

Chigamulo chinali chachifupi. Mwezi umenewo ndinawonjezera ndalama ya mayunitsi, ndipo lamulo latsopano linalembedwa m'kope: nyemba, nkhwani wotendera ndi chilichonse chochedwa kupsa, pa mbaula. Madzulo omwewo mayi wa mafirizesi anandiperekeza kukagula mbaula ndi kathumba ka makala, ndipo ndi iyeyo anandiphunzitsa kuviika nyemba usiku kuti m'mawa zisavute. "Alamu" anabwerera. Kunena zoona, za makalazi sizinandisangalatse kwenikweni. Ukaima pa Matawale n'kuona njinga zikutsika m'mawa uliwonse zitasenza matumba, umadziwa kuti mitengo ikutha kwinakwake, ndipo tsopano ine ndinali mmodzi wa oimaliza. Koma mtendere wa m'mpanda unali pafupi kuposa nkhalango.

Sipanapite nthawi yaitali, mu Januwale 2022, namondwe Ana anawononga malo opangira magetsi a Kapichira pa mtsinje wa Shire, dziko n'kutaya mamegawati pafupifupi 130. Magetsi anayamba kuzima maola ambirimbiri, mita imene tinkakanganirana ija n'kumangokhala duu, mayunitsi osatha. Madzulo ena ndili pakhonde ndikukupiza mbaula yanga, ndinaona mayi uja akubwera ndi beseni la mafirizesi osungunuka, akugawira ana a m'mpanda asanawonongeke. Anandipatsa awiri, ofunda ngati tiyi wa dzulo, kenako anatulutsa kachibenthu ka lata.

"Alamu a hotipuleti, tipaleko moto."

Gawo likubwerali ndidzakamba za kalata imene mayi eni nyumba anandipatsa mu Novembala 2023, kwacha itangogwa ndi 44 peresenti.